Tenti ya a Ngozo pa Mchenga wa ku Sharpevale

Palibe munthu m'boma lonse la Ntcheu, kuyambira kumapiri mpaka kuchigwa, amene amadziwa za zikhomo za tenti kuposa ine. Ndikunena izi modzichepetsa. Boma likadakhala kuti limapereka mendulo pa nkhani ya zikhomo, bwenzi ndikuyenda chowerama chifukwa cha kulemera kwa m'khosi. Kungoti tenti yangayanga ndilibe, ndipo ku koleji ndinachokako chaka chachiwiri chisanathe, titagwirizana ndi aphunzitsi mwamtendere kuti manambala apitirize ulendo wawo popanda ine.

Masiku ano ndimanyamula zikwama za alendo okwera mapiri. Tikafika pogona amatulutsa tizikhomo tawo tachitsulo topepuka ngati nthenga za nkhunda, tina towonda, tina ta mapiko, n'kundifunsa kuti pansi apa pafunika kati. Ine ndimayamba ndatsokomola, kenaka ndimayang'ana kutali ngati mneneri. Iwo amaganiza kuti ndikuwerenga nthaka. Zoona zake n'zakuti mphuno zanga zimakhala zabwerera ku Mlangeni, kumene kukumveka fungo la lona yakale imene yamwa utsi wa zaka zambiri, fungo losakanikirana ndi parafini, ndowe zouma za ng'ombe ndi mapichesi ogwa okha kuseri kwa khola.

Limenelo ndi fungo la agogo anga aamuna, a Ngozo. Anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ine ndisanabadwe, atanyamula zinthu zitatu: chifuwa chosatha, chipewa cholimba chimene nkhuku zathu zinkaikiramo mazira, ndi tenti. Iwo ankati tentiyo anapatsidwa ndi kapitawo chifukwa cha khama. Agogo aakazi ankati mwina inangowatsatira yokha. Inkakhala kudenga, pamwamba pa moto, ndipo kamodzi pa chaka, mvula ikatha, ankaitsitsa n'kuiimika pabwalo kuti ipume mphepo. Tsiku limenelo ine ndinkalowa m'kati n'kugona chagada, kuwala kwa dzuwa kukudutsa m'lonamo kuli kobiriwira ngati uli pansi pa dziwe, fumbi likuyandama pang'onopang'ono osafuna kutera, ndipo dziko lonse, atambala, ng'ombe, ana a kwa oyandikana nawo, linkamveka ngati lili kutsidya kwa phiri. Chimene chinkandifika bwinobwino, chodzera pansi n'kukwera m'msana, chinali chimodzi: thi, thi, thi, musi wa agogo aakazi.

Agogo aakazi anali aNambewe, mwana wa kuchigwa, ku Sharpevale, kotentha. Anabwera kumapiri ng'ombe zitaperekedwa, ndipo pa katundu yense amene anachoka naye kwawo chimene chinatsala mpaka ukalamba chinali musi umenewo. Unali wa mayi awo. Unali wakuda bii, wa muwanga, ndipo pakati pake panali posalala ndi popyapyala chifukwa cha manja a amayi awiri. Makolo anga ankagwira ntchito ku Lilongwe, choncho amene anandilera ndi anthu atatuwa: a Ngozo, aNambewe ndi musi. Agogo aakazi ankanditcha amuna awo aang'ono, ndipo agogo aamuna ankandiyang'ana ngati wopikisana nawo weniweni, makamaka pa nkhani ya chiwindi cha nkhuku.

Zikhomo zinkakhala m'thumba la chikopa cha mbuzi. A Ngozo akalikhuthula pansi, munthu unkadziwa kuti ulaliki wayamba.

"Fanuwelo, khala pansi. Nthaka ili ngati anthu. Katondo wathuyu m'chilimwe ndi munthu wouma mutu, ufuna msomali wachitsulo, wowonda, umulowe asanadziwe. Makande a kudambo ndi munthu wovomera chilichonse, lero eya, mawa wakutaya. Ameneyo mupatse nsungwi yaitali, ifike pamene pali mtima wake. Chikhomo usachiimike chilili ngati msilikali, chipendeke, mutu uthawe tenti. Wamva?"

"Nanga pamiyala, agogo?"

"Pamiyala supempha. Umamanga chingwe ku mwala, n'kuthokoza."

"Nanga pamchenga?"

"Ayikona! Munthu wanzeru akatani pamchenga?"

Agogo aakazi, amene anabadwira pamchenga, ankangopitiriza kupeta.

Tsoka linabwera ndi nyengo ya ngoma, gule wathu wa Angoni. Anthu atakolola, madoda, akuluakulu a m'mudzi, anagwirizana zokonza zishango zatsopano, ndipo chikopa cha ng'ombe yamathothomathotho chinaperekedwa kwa a Ngozo kuti achitambasule. Chikopa chimafuna kukhomedwa pansi mozungulira, chikokeke bwino, chiume chosakwinyika. Koma katondo wa chaka chimenecho anali ngati chiwaya. Nsungwi zinkangosweka mitu. Misomali inkalowa, koma inkang'amba chikopa m'mphepete. Agogo anaimirira, manja m'chiuno, maso akuyendayenda pabwalo kufuna mtengo wolimba, wouma kale, wosalala. Agogo aakazi anali kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Musi unali utatsamira nkhokwe, osadziwa kanthu.

Ndinawauza kuti, "Agogo, umenewo ndi wa eni." Anandiyankha kuti pamudzi pa Mngoni palibe mtengo wa eni. Sowo inalira. Pofika masana musi unali utasanduka mulu wa zikhomo zazifupi, zakuda, zokongola kwambiri, ndipo ndiyenera kunena mwachilungamo kuti chikopa chija chinatambasuka ngati sichinakhalepo pa ng'ombe.

ANambewe atabwera sanakuwe. Anaika Baibulo pakhonde, anazungulira chikopacho, anagwada, n'kugwira chikhomo chimodzi pamutu. Chala chawo chinapeza posalala paja. Anakhala choncho nthawi yaitali, mphepo ikugwedeza mpango wawo woyera. M'mawa mwake ndinawapeza atamanga kamtolo.

"Amuna anga aang'ono," anatero akundikonza kolala, "muwauze agogo anu kuti chimanga azikonola ndi chishango."

Anakwera matola, ulendo wa kwawo.

Mudzi wopanda musi umadzuka mochedwa. Ndinkatsegula maso dzuwa litakwera, ndikudikira phokoso limene silinkabwera. Agogo aamuna ankaphika okha, ndipo za chakudya chimenecho sindinenapo kanthu chifukwa anamwalira ali Mkhristu. Ngoma anavina, chishango chatsopano chili m'manja, nthenga zili kumutu, anaponda pansi fumbi n'kukwera, koma pobwerera pakhomo panalibe woimba nthungululu. Anapachika chishango kukhoma n'kukhala pansi kutsokomola. Patapita masiku anayamba kusowa m'mawa, kulowera kumapiri, mpaka tsiku lina anabwera akukoka chipika cha muwanga. Ankachisema kuseri kwa khola, pang'onopang'ono, akupumira, n'kumachikwecha ndi galasi losweka.

"Agogo, mukusema chiyani?"

"Mzati wa tenti. Wakale uja chiswe chadya."

"Koma ukuoneka ngati musi."

"Maso ako ndi aang'ono. Akadzakula udzaona kuti ndi mzati."

Mwezi wa Okutobala, dzuwa litakwiya, analengeza kuti tikupita ku Sharpevale. Sanati kukapepesa. Anati kukaona mmene mbuzi za kumeneko zilili. Tipita wapansi, chifukwa Mngoni sapakiridwa pa matola ngati thumba la kachewere. Ndipo titenga tenti, chifukwa iwo anapereka ng'ombe, si mkamwini, ndipo sanagonepo pansi pa denga la kuchikazi chikwatirire.

"Pamene ndidzaimike tenti yangayi," anatero, "pamenepo ndi pa Mlangeni."

Ine ndinajomba kusukulu ndi mtima wosweka, monga mmene ndakhala ndikuchitira moyo wanga wonse.

Iwo ananyamula lona kumsana ndi mzati paphewa. Ine ndinanyamula thumba la zikhomo, mitundu yonse itatu: misomali, nsungwi, ndi zakuda zija. Tinadutsa minda ya kachewere yokumbidwa kale, mitengo ya bulugamu ikununkhira ngati mankhwala a chimfine, mpaka njira inayamba kutsetsereka ndipo mphepo yozizira ya kwathu inatsala m'mbuyo ngati galu amene wafika pamalire a mudzi wake. Thumba linkandimenya m'chiuno. Ndinayamba kutsalira, agogo n'kulitenga kuliwonjezera pa katundu wawo, ndipo sipanapite nthawi chifuwa chinawagwira. Anakhala pa tsinde la mtengo, mpweya ukulira m'kati mwawo ngati chitseko chakale.

"Chinachake chitsale," ndinatero. Ndinayang'ana mzati, umene unali wolemera kuposa zonse.

Anaukumbatira. Kenaka anatsegula thumba, anatulutsa misomali yawo ya ku Joni, anaiyeza m'dzanja umodziumodzi ngati akutsanzikana ndi anzawo a m'chigono cha kumigodi, n'kuibisa m'phanga la mtengowo.

"Paulendo, Fanu, chitsulo chimalemera kawiri. M'mawa ndi chako, madzulo ndiwe wake. Nsungwi ndiye mnzako, sudziwa n'komwe kuti wainyamula."

Madzulo a tsiku limenelo nsungwi zinaonetsa ubwenzi wake. Tinaima pamtsetse wa miyala yokhayokha, ndipo chikhomo chilichonse chimene agogo anachimenya chinatsegula pakamwa n'kufa. Anamenya, chinasweka, anamenya china, chinasweka, mpaka anakumbukira ulaliki wawo womwe. Tinamanga zingwe ku miyala, n'kuthokoza. M'mawa nditasuzumira panja, chigwa chonse chinali pansi pathu, chotuwa, chikunjenjemera m'nkhungu ya kutentha, milambe itaima patalipatali ngati anthu onenepa amene aiwala chimene anadzera, ndipo utsi wa m'midzi unkakwera mowongoka ngati ulusi umene wina kumwamba akuukoka. Ndinaganiza kuti umodzi mwa ulusiwo ndi wa agogo aakazi. Potsika, patapata wanga wa kumanzere anaterereka n'kugwera m'chigwembe chakuya, ndipo ali komweko mpaka lero, akupuma.

Choncho tinalowa m'mudzi wa aNambewe masana, mkulu wotsokomola ndi mwana wa patapata mmodzi, tili ndi zikhomo za mtundu umodzi wokha: zidutswa za musi wa mayi awo.

Tinawapeza pakhonde pa mng'ono wawo, a Esinati, akusenda nandolo. Agogo aakazi anandikumbatira, anandinunkhiza kumutu, anati ndaonda ngati chikhomo. Kwa a Ngozo anangopereka moni wa alendo, waulemu wonse, wozizira ngati madzi a m'mtsuko. A Esinati anati m'nyumba muli malo, mphasa ilipo.

"Zikomo, alamu," anatero a Ngozo. "Ndabwera ndi mudzi wanga."

Anasankha malo pansi pa bwemba, poonekera bwino kuchokera pakhonde. Pansi pake panali mchenga woyera, wotentha, woti phazi langa lopanda patapata linkavina lokha. Tinaimika mzati, tinakoka lona. Agogo anatenga chikhomo chakuda, anachipendeketsa mwaukatswiri, anachimenya kamodzi, ndipo chinalowa chonse ngati chala m'phala.

"Waona? Nthaka yaulemu," anatero mokweza kuti pakhonde amve.

Ana a m'mudzi anasonkhana. Agogo analowa m'tenti, anakhala pakhomo pake atapinda miyendo ngati mfumu ya dziko laling'ono, n'kunditumiza.

"Pita ukawauze agogo ako kuti ku Mlangeni mapichesi achita maluwa."

Pakhonde panali pafupi, moti ntchentche inkatha kupita n'kubwera osatopa. Ndinapita ndithu.

"Muwauze," anatero aNambewe osakweza maso, "kuti awadule asemere zikhomo."

Ndinabwerera. Ndinapitanso. Ndinanyamula nkhani ya nkhuku yofungatira, ya denga lodontha, ya batani la malaya. Mawu amodzi okha amene ankafunika sanandipatse kuti ndinyamule, ngakhale anali opepuka kuposa nsungwi.

Kenaka kunja kunangoti zii. Nkhuku zinalowa pansi pa nkhokwe. Kuchokera kuminda kunabwera kamvulumvulu, wamtali, wofiirira, akuzungulira ndi mapesi ndi masamba, akuyenda mosafulumira ngati munthu amene akudziwa nyumba imene akupita. Ana anakuwa n'kumuloza. Anafika pa bwemba, anagwira tenti, zikhomo zonse zinatuluka mumchenga mwakachetechete, popanda ngakhale chimodzi chokana, ndipo Mlangeni yense ananyamuka. Sindidzaiwala. Lona ija inakwera pamwamba pa madenga itatambasula mapiko, zingwe zikulendewera, zikhomo zakuda zikuvina kunsonga kwake, inatembenuka kamodzi padzuwa, yobiriwira, yaulesi, ngati ikuganiza zobwerera ku Joni, kenaka inatsika bwinobwino n'kufunditsa mbuzi za a Esinati.

Pansi pa bwemba panatsala agogo, atakhala mmene anakhalira, mchenga uli m'ndevu, atakumbatira mzati.

A Esinati anaseka mpaka nandolo anatayika. "Alamu! Mudzi wanu wapita kukaona mbuzi!"

ANambewe sanaseke. Anaimirira, anatenga khasu, anapita kukhola n'kukoka lona ija. Anamasula chikhomo chimodzi, anachipukuta ndi nsalu yawo, anachiyang'ana. Amuna awo anatsegula pakamwa, koma chinatuluka ndi chifuwa.

"Amuna anga aang'ono, gwirani chingwe ichi," anatero. "Ndipo muwauze agogo anu kuti kuno sitikhoma. Mchenga ukaumenya umakuseka."

Anakumba dzenje lofika m'chigongono, mpaka pamene mchenga unayamba kuda ndi kuzizira. Anamanga chingwe pakati pa chikhomo, osati kumutu, anachigoneka chopingasa pansi pa dzenjelo ngati mwana wogona, anakwirira, n'kupondaponda ndi chidendene. Anachita chimodzimodzi ngodya zonse, mosathamanga, ndipo pa dzenje lililonse milomo yawo inkagwedezeka pang'ono. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti akutukwana. Tsopano ndikudziwa kuti ankalankhula ndi mayi awo, amene manda awo anali kuseri kwa milambe, pamchenga womwewo. Atatha, ndinakoka chingwe ndi mphamvu zanga zonse. Chinali ngati chagwidwa ndi munthu pansi.

Tenti inaimanso, yolimba kuposa kale lonse. Agogo aamuna anali atakhala m'kati. ANambewe anawerama pakhomo kuti aone ngati lona yakokeka bwino, ndipo maso awo anagwera pa mzati. Anauyang'ana kuchokera pansi mpaka pamwamba. Anaugwira pakati, pamene a Ngozo anapakwecha ndi galasi masabata onse aja kuti pafanane ndi pamene manja anazolowera.

"Ichi n'chiyani?" Aka kanali koyamba kuwafunsa okha, osadzera mwa ine.

"Mzati," anatero agogo. Anatsokomola. "Koma ukhoza kugwira ntchito zina."

"Ndikautenga, mudzi wanu ugwa."

Mbuzi inalira. Mawu a agogo anatuluka aang'ono, ngati a munthu wina.

"Ugwe, Nambewe."

Anauzula. Lona inatsika pang'onopang'ono n'kuwaphimba a Ngozo, ndipo iwo sanayese n'komwe kutuluka. Ine ndinakwawira m'kati kukawaona. Tinakhala awiriwiri m'kuwala kobiriwira kuja, lona itatigona pamutu, fumbi likuyandama, fungo la utsi wa kwathu litatizinga pakati pa dziko la eni. Kenaka, kudzera pansi, kukwera m'msana: thi. Thi. Thi. Agogo anatseka maso. Madzi anatsika m'masaya mwawo n'kulowa m'ndevu za mchenga zija, ndipo anandiuza kuti ndi thukuta, chifukwa kuchigwa kumatentha.

Kusinja kutaleka, tinamva mapazi.

"Fanuwelo, uwauze agogo ako kuti musiwu ndi wolemera kumutu. Mtondo wa Esinati uswa. Ufuna mtondo wanga wa ku Mlangeni."

Tsiku limenelo Mngoni anagona pansi pa denga la kuchikazi, pamphasa ya alamu ake, ndipo kumwamba sikunagwe. Pobwerera tinakwera matola tonse atatu, ngati matumba a kachewere, musi uli pamiyendo pa aNambewe. Popinda tenti, agogo aamuna anatenga khasu kuti afukule zikhomo, koma agogo aakazi anawagwira dzanja, anadula zingwe ndi mpeni.

"Zisiyeni. Zafika kwawo."

Chimodzi chokha chinatsala m'thumba, chimene sichinapeze ngodya. Anandipatsa ine.

Onse awiri anapita kale, a Ngozo poyamba, aNambewe mvula ziwiri pambuyo pake. Tenti inadyedwa ndi makoswe. Misomali ya ku Joni ndinakaifunapo nditakula, koma mitengo yonse ya pamtsetse paja ili ndi mapanga, ndipo palibe umene unavomera. Chikhomo chakuda chija chimayenda nane m'thumba la m'mbali mwa chikwama. N'cholemera kuposa tizikhomo tonse ta alendo anga titaphatikizidwa, ndipo sindinachikhomepo pena paliponse. Mlendo akandifunsa kuti n'cha nthaka yanji, ndimati n'cha pamchenga. Tikafikadi pamchenga, ndimagwada, ndimakumba ndi manja mpaka pozizira, ndimagoneka kachitsulo kake chopingasa, n'kupondaponda ndi chidendene, ndipo nthawi zina ndimapeza milomo yanga ikugwedezeka.

Ku koleji amalume anga, amene ankandilipirira, anawononga ndalama zoti akanagula ng'ombe, ndipo chimene ndinabwerako nacho ndi bulangete. Maphunziro a ku Sharpevale ndiwo anandikhala. Mtengo wake wonse unali patapata mmodzi wa kumanzere. Peyala nthawi imeneyo inali makwacha makumi asanu ndi limodzi, ndiye kuti ukatswiri wanga wonsewu ndinaugula pa makwacha makumi atatu.